Tulutsani mapu: kalata yotseguka pa za ana a ku Basra ndi Fallujah

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zachitetezo ya dziko la America, Nduna ya Zachitetezo ya dziko la Britain, ndi Mkulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO,

Zikomo akuluakulu.

Ndine mzamba wopuma pantchito, ndipo ndalemba m'chinenero changa podziwa kuti maofesi anu sasowa omasulira. Ndikulemba za ana a ku Iraq amene akhala akubadwa ndi ulumali chichitikire nkhondo za 1991 ndi 2003, komanso za yankho limodzi lomwe mumapereka nthawi zonse munthu akafunsa ngati zipolopolo za yureniyamu zili ndi mbali pa tsoka limeneli. Mumati palibe umboni wokwanira. Chabwino, tivomereze kuti umboni wotseka aliyense pakamwa kulibedi. Koma zatheka bwanji kuti papite zaka zoposa 30 umboniwo usanapezeke, kaya wokutsutsani kaya wokuyeretsani, chikhalirecho zoupezera zake zili m'manja mwanu?

Poti kalatayi iwerengedwanso ndi anthu akwathu, ndiloleni ndifotokoze kaye chinthucho, ngakhale inu mukuchidziwa kuposa ine. Yureniyamu wokumbidwa pansi amakhala wa mitundu yosakanikirana. Mtundu umene umafunika popanga magetsi ndi mabomba a nyukiliya, wotchedwa U-235, ndi wochepa zedi, sukwana n'komwe gawo limodzi pa magawo 100. Mafakitale amaupatula, ndipo chotsalacho ndi chimene Azungu amati depleted uranium, ife tingoti yureniyamu wosuluka. Zili ngati kukonola chimanga kuti upeze mphale, kungoti kunoko madeya ndiwo amachuluka kutalitali, ndipo palibe nkhuku kapena nkhumba yoti n'kuwadya. Mayiko okhala ndi mafakitale otere anadzipeza ali ndi milumilu ya zinyalala zimenezi, mpaka wina anaganiza zozipanga zipolopolo.

Asilikali amachikonda chitsulochi pa zifukwa zomveka. Kachidutswa kake kamalemera kuposa ka mtovu kofanana nako kukula, ndi magawo pafupifupi 70 pa 100. Chikamenya kasinja sichiphwatalala kunsonga ngati zitsulo zina. Chimanka chidzisongola chokha uku chikuboola, kenako n'kuyaka moto, amene ali mkatimo n'kupsera momwemo. Mbali ina ya chipolopolocho imasanduka fumbi lakuda losalala kwambiri, loti munthu amalipuma osazindikira, ndipo limamatirira m'chiphapha cha kasinjayo ndi kugwera m'dothi lozungulira. Ndege ya A-10, yomwe yaombera zambiri mwa zipolopolo zimenezi, ili ndi mfuti yolavula zipolopolo pafupifupi 3,900 pa mphindi imodzi. M'kati mwa chipolopolo cha yureniyamu cha mfutiyi muli kachitsulo kosakwana masentimita 10, kolemera magalamu pafupifupi 300. Zambiri zimaphonya. Zimalowa pansi, n'kumadyeka pang'onopang'ono ndi chinyezi, kusiya unga wachikasu m'nthaka imene anthu amalima ndi kukumbamo zitsime.

Mumakonda kunena kuti cheza cha yureniyamu wosuluka, mphamvu yosaoneka ndi maso imene chitsulochi chimatulutsa, n'chofooka, kuti mphamvu yake ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 poyerekeza ndi yureniyamu wachilengedwe, ndi kuti cheza chake chachikulu sichidutsa ngakhale khungu. Zonsezo n'zoona malinga chitsulocho chili kunja kwa thupi. Chikalowa kudzera m'mapapo, m'chakudya kapena pabala, nkhani imasintha: chimakhala chogundana ndi minofu yamoyo, chimayenda ndi magazi, chimakaunjikana mu impso ndi m'mafupa. Kupatula cheza, yureniyamu ndi chitsulo chapoizoni mwa icho chokha, monga zilili ndi mtovu. Ndipo kuti theka la mphamvu yake lithe pamafunika zaka 4.5 biliyoni. Akuluakulu akale anati mlandu suwola. Uwu ndiye suwoladi.

Mu 1991 munaombera matani pafupifupi 300 ku Kuwait ndi kummwera kwa Iraq. Ku Bosnia mu 1994 ndi 1995 ndege za NATO zinaombera zipolopolo zoposa 10,000, ndipo pa nkhondo ya Kosovo mu 1999 zoposa 30,000. Mu 2003 munabwereranso nazo ku Iraq, ulendo uno mpaka m'mizinda. Mu Novembala 2015 ndege za A-10 zinaombera zipolopolo 5,265 pa magalimoto onyamula mafuta kum'mawa kwa Syria, patangotha miyezi yowerengeka mneneri wa asilikali a America atalonjeza kuti zida zimenezi sizigwiritsidwa ntchito pa nkhondoyo. Boma la America linadzavomera chiwerengerochi mu Febuluwale 2017. Mu 2023 Britain ndi America anazitumiza ku Ukraine. Choncho si nkhani yakale yoti tizingoikumbukira.

Tsono tiyeni tilowe m'chipinda chochirira, kumene ine ndikudziwako bwino.

Pa chipatala cha amayi cha ku Basra, mzinda umene unali pafupi kwambiri ndi mabwalo ankhondo a 1991, mabuku a chipatala anasonyeza kuti pakati pa Okutobala 1994 ndi Okutobala 1995 ana obadwa ndi ulumali anali 1.37 pa ana 1,000 alionse. Pofika 2003 chiwerengerocho chinali pa 23. Izi zinasindikizidwa mu 2012 ndi gulu la akatswiri lomwe munali madokotala a pachipatalapo ndi Dr Mozhgan Savabieasfahani. Kafukufuku wina, wotuluka mu 2010 m'magazini ya American Journal of Public Health, anapeza kuti khansa ya m'magazi mwa ana a ku Basra inawonjezeka kuposa kawiri pakati pa 1993 ndi 2007. Madokotala a kumeneko akhala akuuza atolankhani kuti funso loyamba la mayi akangochira linasintha. Kale ankafunsa kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Tsopano amafunsa ngati mwanayo ali bwinobwino.

Ku Fallujah, mzinda umene unaphwasulidwa kawiri mu 2004, mu Epulo ndi mu Novembala, dokotala wa ana Dr Samira Alaani anayamba yekha kulemba ndi kujambula mwana aliyense wobadwa ndi ulumali amene anadutsa m'manja mwake. Palibe anamutuma, palibenso anamupatsa ndalama zake. Kuyambira Okutobala 2009 kufika pa 21 Disembala 2011 anali atalemba ana 677. Atolankhani a Al Jazeera atafika pachipatalapo patangopita masiku asanu ndi atatu, chiwerengerocho chinali chitafika 699. Anali ana obadwa ndi mitima yobooka, msana wosatsekeka, mutu wodzaza madzi, mlomo ndi m'kamwa mong'ambika, ndi ena obadwa opanda chigaza chakumwamba ndi ubongo.

Amene sanagwirepo mwana wotereyu angaganize kuti ndi mawu chabe a m'mabuku. Mwana wobadwa wopanda ubongo amatuluka thupi lonse lili bwinobwino, tizala tonse tokwanira, tizikhadabo tili mbee, nthawi zina amapuma, amagwedeza timiyendo. Kuchokera pa nsidze kupita m'mwamba ndi pamene palibe. Mzamba umafulumira kumuveka kachipewa kapena kumufunditsa kansalu kumutu mayi asanadzutse khosi, ndipo umadziwa kuti kwatsala maola, mwina tsiku. Kenako pali ntchito ina yolemera kuposa kubereketsa: kutuluka panja kukauza agogo ndi bambo amene akudikira ndi tizovala tatsopano m'chikwama. Zimenezi zimachitika kulikonse padziko, ngakhale kumene sikunagwepo bomba. Koma zimachitika mwa apo ndi apo, moti mzamba amatha kukumbukira aliyense. Zikafika poti dokotala mmodzi akulemba ana 22 olumala m'masiku asanu ndi atatu, munthu wanzeru sayamba n'kufunsa ngati dokotalayo ali ndi satifiketi ya zowerengera. Amayamba n'kutumiza anthu kukaona.

Ndikudziwa zimene akatswiri anu amayankha, ndipo sindizipeputsa, chifukwa zambiri ndi zolondola. Dziko la Iraq linalibe kaundula wodalirika wa ana obadwa ndi ulumali nkhondo isanayambe, ndiye palibe poyambira pooneka bwino. Chipatala chachikulu chimalandira odwala ovuta ochokera madera ena, zimene zimakweza ziwerengero zake. Kafukufuku wa mu 2010 wa ku Fallujah, amene anafunsa mabanja 711 n'kupeza kuti ana 80 pa 1,000 alionse ankamwalira asanathe chaka, anadalira zimene anthu ankakumbukira. Kukwatirana pachibale n'kofala kumeneko. Ziletso za malonda zimene dzikolo linaikiridwa kuyambira 1990 mpaka 2003 zinasiya amayi apakati akusowa zakudya zoyenera ndi mankhwala, ndipo mzamba aliyense amadziwa zimene kuperewera kwa vitamini wa folic acid kumachita ku msana wa mwana. Panalinso utsi wa zitsime za mafuta zoyaka, maenje ootcheramo zinyalala m'misasa ya asilikali, ndi zotsalira za mabomba amitundumitundu. Kafukufuku wa 2012 uja, amene anatulutsa ziwerengero za ku Basra, analoza chala kwambiri mtovu ndi chitsulo china chapoizoni chotchedwa mercury, osati yureniyamu. Asilikali a America amakana kuti anagwiritsa ntchito yureniyamu wosuluka pa nkhondo ya Novembala 2004 ku Fallujah, ndipo atayeza tsitsi la makolo a ana olumala mumzindawo mu 2011, yureniyamu amene anapezeka sanali wa mtundu wosuluka.

Zonsezi ndazivomera. Komabe taonani kumene zikutifikitsa. Mtovu ndi mercury zija zinachokera kuti? Maenje ootchera zinyalala anakumba ndani? Ziletso za malonda anazikakamira ndani ku Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations? Mukachotsa yureniyamu pa mndandanda wa oganiziridwa, otsalawo ambiri ndi a pakhomo panu pomwe. Ndipo kunena kuti pali zifukwa zambiri sikutsimikiza kuti chimodzi mwa izo n'chosalakwa.

Komanso si zoona kuti kumbali ya yureniyamu kulibe kanthu. M'malabotale, mbewa zapakati zopatsidwa yureniyamu zabereka ana ong'ambika m'kamwa ndi opunduka mafupa, ndipo zinaoneka kuti chitsulochi chimadutsa nsengwa n'kukafika kwa mwana m'mimba. Dr Alexandra Miller, wogwira ntchito pa Armed Forces Radiobiology Research Institute, lomwe ndi bungwe la asilikali a America enieniwo, anasonyeza mu 1998 kuti yureniyamu wosuluka amatha kusandutsa maselo a munthu kukhala oyambitsa zotupa za khansa. Mu 2010 anasonyezanso kuti mbewa zamphongo zokhala ndi chitsulochi m'thupi zimapatsira ana awo chibadwa chosokonekera. Mu 2005 akatswiri atatu ataunika zonse zimene zinalembedwa pofika nthawiyo, anaona kuti umboni wokhudza anthu ukugwirizana ndi ganizo lakuti chiopsezo cha ulumali chimakwera mwa ana a anthu okhudzidwa ndi yureniyamu ameneyu. Mu 2021 magazini ya BMJ Global Health inasindikiza kuunika kwa akafukufuku 36 ochitika ku Iraq: 30 mwa iwo anapeza mgwirizano pakati pa yureniyamu wa m'zida ndi matenda osiyanasiyana, koma ounikawo ananena mosabisa kuti akafukufukuwo anali ofooka m'kachitidwe kake, ndi kuti ziletso ndi nkhondo zinamanga manja asayansi a m'dzikolo. Mwachidule, utsi ulipo wochuluka, koma aliyense wofuna kukaona ngati kuli moto wapeza njira yotseka.

Amene anatseka njirayo ndi amene ndikulankhula nawo.

Kuti munthu adziwe ngati chinthu chikudwalitsa anthu, amafunika kudziwa kaye kumene chinthucho chili, kenako n'kuyerekeza okhala pafupi ndi okhala kutali. Popanda zimenezo palibe kafukufuku angaime. Ku Kosovo zinatheka: mlembi wamkulu wa United Nations, a Kofi Annan, atapempha, NATO inapereka mu 2000 mndandanda wa malo 112 amene anaomberedwa, ndipo akatswiri a UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, anapita kukayeza dothi ndi madzi chaka chomwecho. Ku Serbia ndi Montenegro malo ena anatchingidwa ndi kuyeretsedwa. Ku Bosnia anakapeza yureniyamu wosuluka m'madzi apansi patatha zaka zisanu ndi ziwiri nkhondo itatha. Kumeneko ndi ku Ulaya, ndipo matani onse oomberedwa kumeneko sakwana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene zinagwa ku Iraq ndi Kuwait mu 1991.

Ku Iraq, Britain inapereka kwa UNEP malo amene akasinja ake anaombera matani pafupifupi 1.9 mu 2003. Pamenepo ndiyamike, a Nduna a ku London, ngakhale ndi kadontho. America, mwini wa katundu wambiri, anakana. Zochepa zimene tikudziwa zinachita kufukulidwa. Bungwe la PAX la ku Netherlands linapeza mu 2014 mndandanda wina kudzera ku unduna wa zachitetezo wa dziko lawo, umene unaupempha kwa America poopera asilikali ake omwe anali ku Iraq. Taonani pamenepo: mapu analipo pofuna kuteteza msilikali wa ku Netherlands, koma kwa mlimi wa ku Samawah, dera la ku Iraq kumene asilikaliwo anali, kunalibe. Mu 2016 PAX pamodzi ndi ICBUW, bungwe lolimbikitsa kuti zida za yureniyamu ziletsedwe, anaunika zikalata zina zimene zinatuluka kudzera m'lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa boma, n'kupeza kuti mu 2003 ndege za A-10 zinaombera zipolopolo za yureniyamu pafupifupi 181,000. Mwa zinthu zonse zimene ndegezo zinalunjika, akasinja ndi magalimoto a zitsulo zochindikala anali pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu. Zina zonse zinali magalimoto wamba, nyumba, ndi asilikali apansi. Chonsecho maloya a gulu lankhondo la mumlengalenga la America analangiza kale mu 1975 kuti chidachi ndi cha zinthu zolimba ngati akasinja, osati choombera anthu pamene zida zina zilipo.

Chiyambire 2007, msonkhano waukulu wa United Nations wakhala ukuvomereza mfundo zokhudza zida zimenezi. Ya mu 2010 inapempha chinthu chaching'ono kwambiri: kuti mayiko amene anazigwiritsa ntchito auze mayiko okhudzidwa kumene zinagwera ndi kuchuluka kwake, akapemphedwa. Mayiko 148 anavomereza. Okana anali anayi: America, Britain, France ndi Israel. Munthu wotsimikiza kuti chida chake sichidwalitsa amakana bwanji kunena kumene anachitaya?

Ndibwere kwa inu, a Mkulu a WHO, chifukwa pa onse inu ndi amene azamba ndi anamwino timakukhulupirirani. Mu 2012 bungwe lanu linathandiza unduna wa zaumoyo wa Iraq kuchita kafukufuku wamkulu m'mabanja 10,800 a m'maboma 18, kuphatikizapo Basra ndi Fallujah. Anthu anadikira. Tsiku lotulutsa zotsatira linkangosunthidwa, mpaka Dr Alaani anayambitsa chikalata chosainitsa anthu pa intaneti chopempha kuti ziwerengerozo zitulutsidwe. Mu Malichi 2013 akuluakulu ena a undunawo anali atauza BBC kuti kafukufukuyo asonyeza kukwera kwa ulumali m'madera amene munachitika nkhondo yoopsa. Mu Sepitembala chaka chomwecho kunatuluka chidule cha masamba ochepa, chopanda mayina a olemba, chonena kuti palibe umboni woonekeratu wakuti ulumali wobadwa nawo ndi wokwera modabwitsa ku Iraq. Magazini ya The Lancet inafunsa mafunso, ndipo mmodzi mwa akatswiri amene ankatchulidwa kuti anaunika ntchitoyo ananena kuti zimene anachita sizingatchedwe kuunika kozama. Kafukufukuyo sanayeze n'komwe yureniyamu kapena chitsulo china chilichonse. Sichinali cholinga chake. Komabe mpaka lero pali ena amene amamugwiritsa ntchito ngati chikalata chotsekera mlandu.

Mwina zotsatirazo zinali zoona. Ndingakondwe zitakhala choncho, chifukwa palibe mzamba amafunira mzinda uliwonse ana olumala pofuna kupambana mkangano. Koma kafukufukuyo anadalira kwambiri kufunsa amayi pakhomo zimene akukumbukira, ndipo pamenepa ndili ndi mawu. Mwana akabadwa wakufa ndi thupi losaoneka bwino, kawirikawiri amakulungidwa msanga, mayi osamuona. Achibale amangomuuza kuti zalephereka. Mwana wamtima wobooka akamwalira pa tsiku lachiwiri kuchipatala chopanda makina ounikira, pa khadi pamalembedwa kuti anabanika. Ndipo kulikonse kumene ndikudziwa, mwana akabadwa wolumala chala chimaloza mayi: anadya chiyani, anachita chiyani, kwawo kuli mbewu yanji. Mayi woteroyo mlendo akafika ndi pepala la mafunso, apongozi ali chapafupi, mukuganiza kuti ayankha zonse? Kufooka kumene munakupeza pa kafukufuku wa 2010 wa ku Fallujah kuli pa wanunso. Mankhwala ake ndi amodzi: ikani poyera ziwerengero zonse, mayina a anthu atachotsedwa, kuti akatswiri osadalira boma lililonse aziunike. Mukati eni ake ndi boma la Iraq, ndiye lipempheni poyera kuti lizitulutse, dziko lonse likumva. Dzina lanu lili pa ntchitoyo.

Chimene chimandipweteka koposa ndi kusiyana kwa zimene mumanena ndi zimene mumachita chikafika pa anthu anu. Mu 2003 asilikali a Britain ochoka ku Iraq ankapatsidwa kakhadi kowauza kuti anali kudera kumene zipolopolo za yureniyamu wosuluka zinagwiritsidwa ntchito, kuti chitsulochi chingathe kudwalitsa, ndi kuti ali ndi ufulu wokayezetsa mkodzo. Malangizo a asilikali a America amaletsa kukwera kapena kulowa m'chiphapha choomberedwa ndi zipolopolozi popanda zodzitetezera. Lipoti la bungwe la zachilengedwe la asilikali a America la mu 1995 linavomera kuti chitsulochi chikalowa m'thupi chingabweretse mavuto aakulu a zaumoyo. Kuyambira 1993 chipatala cha asilikali opuma ku Baltimore chakhala chikutsatira kagulu ka amene anatsala ndi tizidutswa ta yureniyamu m'thupi. Mumanena kuti mwa iwo simunapezeke matenda aakulu, ndipo ndi nkhani yabwino, koma amenewo ndi amuna akuluakulu osakwana 100, odya bwino, oonedwa ndi madokotala nthawi ndi nthawi. Palibe mayi wapakati pakati pawo, palibe mwana wokwawa woika dothi m'kamwa. Chonsecho WHO inalemba yokha mu 2001 kuti ana aang'ono ndi amene angakhudzidwe kwambiri.

Ku msasa wa asilikali a America wa Camp Doha m'dziko la Kuwait, kumene zida zinapsa mu Julayi 1991, simunanene kuti palibe umboni. Mu 2008 matani 6,700 a mchenga woipitsidwa ananyamulidwa pa sitima yapamadzi, kuwoloka nyanja, n'kukakwiriridwa ku malo osungira zinyalala zoopsa ku Idaho, ku America. Ku Colonie, m'chigawo cha New York, kumene kunali fakitale yopanga zinthu za yureniyamu wosuluka, boma linachotsa dothi m'mabwalo a nyumba za anthu, ndipo asayansi anadzapeza chitsulochi mu mkodzo wa amene ankagwira ntchito pafakitalepo patatha zaka zoposa 20 itatsekedwa. Koma mu Epulo 2003, nkhondo ili mkati, mneneri wa Pentagon, likulu la asilikali a America, ananena kuti America alibe ganizo loyeretsa ku Iraq.

Ndiye ziphapha zija zinatsala. Zinakokeredwa m'mabwalo a zitsulo zakutha m'mphepete mwa Basra, Zubayr ndi mizinda ina, zosakanikirana ndi zitsulo zina zonse, popanda mpanda kapena chikwangwani. Ana amaseweramo. Anyamata osowa ntchito amazidula ndi moto n'kukagulitsa pa sikelo, ndipo chitsulo chogulitsidwa sichinena kumene chachokera. Akuluakulu oona za cheza choopsa ku Iraq anapeza malo oipitsidwa oposa 300, ndipo mu 2013 PAX inawerengera kuti kuwayeretsa kungadye ndalama zoyambira pa madola 30 miliyoni. Pa ndalama zimene nkhondoyo inadya, imeneyi ndi chenji. Ngakhale lipoti la mu 2010 la IAEA, bungwe la padziko lonse loona za nyukiliya, lomwe mumalitchula chifukwa linati cheza chimene anthu wamba a kummwera kwa Iraq amalandira n'chochepa, linachenjeza za tizidutswa totsala ndi magalimoto oipitsidwa, n'kulangiza kuti zisamasungunulidwe ngati zitsulo wamba. Munatola chiganizo chokukomerani, malangizowo n'kuwasiya.

Ndikuganiza kuti chifukwa chake chinalembedwa kalekale. Pa 1 Malichi 1991, nkhondo itangotha, msilikali wina wamkulu ku Los Alamos, labotale ya za nyukiliya ya boma la America, analemba kalata yochenjeza anzake kuti pali nkhawa za zimene yureniyamu wosuluka amachita ku chilengedwe, ndipo ngati palibe amene angaonetse ubwino wake pankhondo, zipolopolozi zingadzakanidwe ndi andale n'kuchotsedwa. Kuyambira pamenepo chotetezedwa chakhala chidacho.

Zimene ndikupempha si zachilendo. A Nduna a ku Washington, perekani ku boma la Iraq ndi la Syria, ndi ku UNEP, mapu onse a kumene zipolopolozi zinaomberedwa mu 1991, 2003 ndi 2015, ndi kuchuluka kwake malo alionse. Inu ndi anzanu a ku London lipirani ntchito yosonkhanitsa ziphapha, kutchinga malo ndi kuchotsa dothi, monga munachitira ku Kuwait. Mudzati palibe lamulo lokukakamizani, ndipo n'zoona: pangano la 2003 lokhudza zotsalira za nkhondo limanena za zinthu zophulika, pamene kachitsulo ka yureniyamu sikaphulika, ndiye kanapulumukira pampata umenewo. Koma mabomba okwirira pansi nawonso analibe pangano lowaletseratu mpaka 1997, ndipo abale athu a ku Mozambique anafika polengeza mu 2015 kuti achotsa onse odziwika, chifukwa mayiko anagwirizana kuti nthaka ya anthu siyenera kukhala msampha nkhondo itatha. Belgium inaletsa zida za yureniyamu ndi lamulo la mu 2007, Costa Rica mu 2011, ndipo dziko la Iraq lenilenilo linapempha mu 2014 kuti pakhale pangano loziletsa padziko lonse. Pamene tikudikira pangano limenelo, lekani kuziombera ndi kuzigawa. Mukazitumiza ku Ukraine, dziko la minda ya tirigu, lembani pomwepo kumene chilichonse chagwera, kuti azamba a kumeneko asadzauzidwe m'tsogolo muno kuti palibe umboni.

A WHO, kuwonjezera pa kutulutsa ziwerengero za 2012, thandizani Iraq kukhazikitsa kaundula weniweni wa ana obadwa ndi ulumali, wolembedwa m'chipinda chochirira momwemo ndi munthu amene wamuona mwanayo ndi maso, kuphatikizapo obadwa akufa, ndipo pakhale makina ounikira mtima ndi labotale yotha kusiyanitsa mitundu ya yureniyamu mu mkodzo, m'tsitsi ndi m'mano a ana. Musayang'ane yureniyamu yekha. Yezani ndi mtovu womwe, mercury ndi zina zonse. Kafukufuku wa ku Nasiriyah wotuluka mu 2019 anapeza chitsulo china chotulutsa cheza, thorium, chochuluka m'tsitsi la ana olumala okhala pafupi ndi msasa wa ndege zankhondo wa Tallil. Anali wa ana ochepa, ndipo akufunika kubwerezedwa ndi ana ambiri. Ndipo ana amene alipo kale, ofunika opaleshoni ya mtima, ya msana ndi ya m'kamwa, asadikire kuti asayansi agwirizane kaye.

Mawu otsiriza apite kwa akazembe athu a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ku New York, poti kalatayi adzaimva popanda womasulira. Mfundo ya zida za yureniyamu imabwera pa msonkhano waukulu chaka chachiwiri chilichonse, ndipo imaperekedwa ndi Indonesia m'dzina la gulu la mayiko osakondera mbali, lomwe mayiko athu onse anayi ndi mamembala ake. Ku Malawi tili ndi mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga, ndiye chitsulochi sitichimvera pa wailesi pokha. Ikadzabweranso mfundoyo, musangokweza dzanja mwamwambo. Pemphani kuti m'mawu ake mulowe tsiku lenileni limene mapu ayenera kukhala ataperekedwa, ndi dzina la ofesi imene idzawalandire.

Ine wanu,
Mzamba wopuma pantchito